ZA NTHENDA YA NSUKUNYU, NDI ZA ABALE AMENE ANAYESEDWA OTHA NCHITO

M'caka ca 2025 zinakwanira zaka 150 cilowere ngalawa ya Ilala m'nyanja yathu, itasenza amisyoni oyamba a Livingstonia. Pa cikondwerero cotere nkoyenera kukumbukira sukulu, ndi mipingo, ndi abusa amene anatitsogolera. Koma ife tapatsidwa kulemba za nchito ya cipatala, ndipo mwa nthenda zonse zimene madotolo alimbana nazo tasankha imodzi, ndiyo nthenda ya nsukunyu. Taisankha cifukwa siipha msanga monga malungo, ndipo siiopsa mudzi wonse monga inkacitira nthomba. Imcotsa munthu kumunda, nimcotsanso kumsika ndi ku nyumba ya Mulungu, nimkhazika pamphasa kuseri kwa nyumba; ndipo zikapita zaka ziwiri kapena zitatu, dzina lace likhalabe m'buku la mpingo, koma anthu aleka kumfunsa. Mbiri iyi ndi ya anthu otere, ndi ya cimene cioneka pa iwo akafika m'manja a dotolo.

NSUKUNYU NDI ZIMENE ZIIONONGA

Fupa la nchafu, ndilo lalitali koposa mafupa onse a m'thupi, liri ndi mutu wobulungira pamwamba pace, ndipo mutuwo ulowa m'kambale ka fupa la ciuno monga munsi ulowa mumtondo. Pokomana pamenepo ndi pa nsukunyu, pomwe paja anakhudzidwa Yakobo usiku wa kulimbana kwace, nacoka pa Penieli alikutsimphina. Mutu ndi kambale zonse ziri ndi cophimba cosalala, ndipo pokhala cophimbaco ciri bwino, munthu akwera phiri ndi thumba la cimanga osakumbukira konse kuti ali nayo nsukunyu. Koma cikatha, fupa likhulana ndi fupa linzace, ndipo phazi liri lonse limene aponda limpweteka.

Zoononga nsukunyu nzambiri. Cifuwa cacikuru cimene tizolowera kuciona m'mapapo cifikanso m'mafupa, nicidya nsukunyu pang'ono pang'ono. Mwa ana ang'ono mafinya akhoza kusonkhana m'katimo, naononga mutu wa fupa m'masiku owerengeka. Nthawi zina mwazi uleka kufika ku mutu wa fupa, ndipo mutuwo ufa nuphwanyika. Ici cioneka kawiri kawiri mwa anthu a nthenda ya mwazi ya sickle cell, ndi mwa ena okhala ndi kacirombo ka HIV, ndi mwa omwa mowa wambiri, ndi mwa omwa nthawi yaitali mankhwala aja amati steroid. Mwa okalamba cophimba cija cingotha ndi zaka, kapena munthu aterereka pamatope, nathyoka khosi la fupa pansi pa mutu wace.

M'dziko lacidikha wodwala wotere abvutika. Koma kwathu kuno, kumapiri a Aphoka, ku Khondowe ndi ku Nchenachena, abvutika koposa. Munda uli pamtsetse, madzi ali kunsi kumtsinje, pokhala mpamphasa, ndipo kucimbudzi munthu ayenera kunjuta. Zonsezi zifuna nsukunyu yopindika. Cifukwa cace wodwalayo ayamba kuleka khasu, kenaka aleka ulendo wa ku mapemphero, ndipo potsiriza afuna womnyamula ngakhale popita kuseri.

MASIKU A DOTOLO LAWS

Amisyoni anafika pa Cape Maclear m'mwezi wa October 1875, wowatsogolera ndiye E. D. Young, ndipo mwa iwo munali mnyamata wa ku Aberdeen wa zaka 24, Robert Laws, amene anali mbusa ndi dotolo pamodzi, ndiponso anaphunzira umisiri wa matabwa kwa atate wace. Iye anadza nazo nzeru ziwiri zimene zinali zatsopano ngakhale ku Scotland komwe. Yoyamba inali mankhwala ogonetsa a chloroform, amene James Young Simpson anayamba kugwira nao nchito ku Edinburgh mu 1847. Yaciwiri inali kuyeretsa bala, ndi manja, ndi mipeni, monga anaphunzitsa Joseph Lister ku Glasgow mu 1867. M'caka ca 1876 Laws anagoneka mnyamata wina ndi chloroform pa Cape Maclear, namcotsa cotupa cimene cinali pamwamba pa diso. Ndipo anthu oona anazizwa kuti munthu ang'ambidwa osapfuula, nauka wamoyo. Mbiri yace inamveka kutali m'mbali mwa nyanja.

Malungo anasautsa amisyoni pa Cape Maclear, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Mu 1894 anakwera pa Khondowe, pafupi mamita 900 pamwamba pa nyanja. Pamenepo anamanga sukulu ya Overtoun, nakumba mseu wa Gorodi wa makona 20 wocokera ku Chitimba, nabweretsa madzi a m'mipope, ndi magetsi ocokera ku madzi a Manchewe ca m'ma 1905. Pofika caka ca 1911 cipatala ca David Gordon Memorial cinali citayamba kulandira odwala, ndipo cikali kuwalandira kufikira lero. Laws mwini anabwerera kwao mu 1927, atatumikira zaka 52.

Koma tinene zoona: m'masiku amenewo panalibe dotolo pa dziko lonse lapansi wokhoza kubwezera munthu nsukunyu yoonongeka. Cimene anakhoza ndico kuboola cotupa kuti mafinya aturuke, ndi kugoneka wodwala miyezi yambiri mwendo uli womangidwa. M'caka comweco ca 1875 Hugh Owen Thomas wa ku Liverpool anasindikiza buku lace la nthenda za ciuno, bondo ndi kakolo, m'mene anaphunzitsa kumanga mwendo ndi zitsulo kuti upumule. Wodwala cifuwa cacikuru ca m'nsukunyu akacira, kawiri kawiri mafupa awiriwo anamamatirana. Zowawa zinatha, koma mwendo unakhala wouma ndi wofupika moyo wace wonse. Ndipo ici anaciyesa mwai, pakuti ambiri anamwalira.

NSUKUNYU YACITSULO

Njira inatseguka pang'ono pang'ono. Mu 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Germany anapeza kuunika kwa X-ray, ndipo madotolo anayamba kuona fupa asanang'ambe mnofu. Mu 1931 Marius Smith-Petersen wa ku Boston analengeza za msomali wace wolumikiza khosi lothyoka la fupa la nchafu. Gathorne Girdlestone wa ku Oxford anaphunzitsa kudula ndi kucotseratu mutu wobvunda. Mwendo ufupika ndithu ndipo munthu ayenda ndi ndodo, koma zowawa zicepa ndi mafinya aphwa, ndipo njira iyi ikali kuthandiza kumene nsukunyu yopanga siipezeka kapena siiyenera. M'zaka za m'ma 1940 anapeza mankhwala a streptomycin, ndipo cifuwa cacikuru cinayamba kugonja.

Anthu angapo anayesa kupanga nsukunyu yatsopano. Philip Wiles anaika yacitsulo ku London mu 1938, ndipo abale awiri a banja la Judet anayesa mutu wa pulasitiki ku Paris mu 1946. Koma zopangazo zinagwedera kapena kusweka. Amene anapirira kufikira cinatheka ndiye John Charnley, pa cipatala ca Wrightington ku England. Poyamba anapanga kambale ka Teflon, naika mwa odwala ngati 300. Ndipo m'zaka zowerengeka timbale timeneto tinaperepeseka, nayenera kung'ambanso anthu ace ndi cisoni cacikuru. Sanabisa colakwikaco, ndipo sanaleka. M'mwezi wa November 1962 anayamba kuika kambale ka pulasitiki wina wolimba, ndi mutu waung'ono wacitsulo wokhala ndi tsinde lolowa m'fupa la nchafu, zonse zomatidwa ndi simenti ya mafupa. Analemba bwino lomwe za wodwala ali yense caka ndi caka, napempha ena kuti akadzamwalira amlole kuonanso nsukunyu zao. Nsukunyu zimene ziikidwa lero zitsata maziko amenewo, ndipo osanthula makaundula a maiko angapo anapeza mu 2019 kuti zoposa theka la izo zikhala zaka 25 osafuna kusinthidwa.

NCHITOYI IFIKA M'DZIKO LATHU

Kwa zaka zambiri nzeru iyi inali ya maiko olemera okha. M'Malawi madotolo a mafupa anali osowa, ndipo cifukwa cace mu 1985 Dr Edward Blair anayamba ku Blantyre maphunziro a miyezi 18 a othandiza madotolo pa za mafupa, amene anatumizidwa m'zipatala za m'maboma. Ndiwo amene asenza gawo lalikuru la nchito ya othyoka kufikira lero. Sukulu ya madotolo inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, cipatala cacikuru ca Mzuzu mu 2000, ndi cipatala ca Beit CURE ku Blantyre mu 2002. Pa Beit CURE anayamba kuika nsukunyu zopanga mwa akuru, ndipo ndalama zimene akuruwo analipira zinathandiza kuciza ana opunduka kwaulere. Mu 2023 cinatsegulidwanso ku Lilongwe cipatala ca LION, ca nthenda za mafupa ndi za ubongo.

Madotolo athu anatsata citsanzo ca Charnley, nakhazika kaundula wa dziko wolembamo munthu ali yense woikidwa nsukunyu kapena bondo. Zoyamba za m'kaundulamo anazisindikiza mu 2009, ndizo za anthu 58 amene anaikidwa nsukunyu 73. Ku Ulaya anthu ofuna opareshoni iyi akhala a zaka pafupi 70. Koma kuno zaka zao, poziphatikiza ndi kuzigawa, zinali 52, ndipo nthenda yocuruka inali kufa kwa mutu wa fupa, kuposa kutha kwa ukalamba. Tanthauzo lace ndi lakuti odwala athu ndiwo atate ndi amai amene ana ao akali pa sukulu. Pali muyeso wa malikisi 100, umene anaupanga William Harris mu 1969, woyesa zowawa ndi mayendedwe a munthu. Anthu awa asanang'ambidwe anali pa malikisi 29. Atacira anafika pa 85.

Panali mantha akuti munthu wa kacirombo ka HIV akaikidwa citsulo m'thupi bala lace lidzabvunda, ndipo ena anaganiza kuti nkutaya cuma kumthandiza. Mu 2014 madotolo a ku Blantyre anasindikiza za anthu 29 a kacirombo amene anaikidwa nsukunyu 43, nawatsata zaka ngati zitatu ndi theka. Panalibe ndi mmodzi yense amene nsukunyu yace inagwidwa mafinya, ndipo malikisi ao anakwera kucokera pa 27 kufika pa 86. Umboni uwu unacokera m'dziko lathu, ndipo madotolo a maiko ena anaphunzirako.

ZA IWO AMENE MOYO WAO UNAFIKA PANSI PENI PENI

Tsono tifika pa funso lalikuru: kodi munthu amene wabvutika kufikira kutaya mtima, wosayenda, wosadzisambitsa yekha, wosagona tulo, akhoza kupindula ndi opareshoni iyi, kapena nthawi yace yapita? Madotolo ali ndi mafunso asanu oyesera moyo wa wodwala, amene amati EQ-5D. Amfunsa za kuyenda kwace, za kudzisamalira posamba ndi pobvala, za nchito zace za masiku onse, za zowawa, ndi za nkhawa kapena kusweka mtima. Mafunsowa anamasuliridwa m'Cicewa, ndipo Dr Linda Chokotho ndi anzace anawayesa pa odwala mafupa a kuno, nasindikiza zopeza zao mu 2017. Mayankho ace awerengedwa motero kuti 1 ndiwo moyo wangwiro, ndi 0 ndiyo imfa. Koma pali mayankho ena ogwera kunsi kwa 0, ndiwo mabvuto amene anthu wamba ofunsidwa anati nkoipa kukhala nao kuposa kufa. Alaliki azindikire bwino apa: nambala iyi siinena kuti wodwalayo afuna kufa, kapena kuti moyo wace wacepa mtengo pamaso pa Mulungu, iyesa kulemera kwa katundu amene wasenza.

Ku Edinburgh, mudzi womwe uja kunacokera chloroform, Dr Chloe Scott ndi anzace anasanthula anthu oposa 2,000 olindira nsukunyu yatsopano, nasindikiza mu 2019. Anapeza kuti anthu 19 mwa 100 ali onse anali kunsi kwa 0. Citapita caka cimodzi cicitikire opareshoni, otsala kunsiko anali 2 okha mwa 100. Ndiko kuti unyinji wa iwo amene anaoneka ngati otha nchito anaukanso. Koma anapezanso cina coyenera kucisunga: anthu amene anafika pansi peni peni asanathandizidwe, angakhale anakwera kwambiri, sanafika pamene anafika anzao othandizidwa msanga, ndipo okondwera ndi mathero ace anacepako pakati pao. Cifukwa cace cimveka: mwendo wogona zaka uonda minofu, mitsempha ifupika, msana ndi bondo zipotoka pofuna kupeputsa mbali yodwala, ndipo mtima wozolowera cisoni sucira tsiku limodzi. Pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa maopareshoni ku Britain, olindira amene anagwera kunsi kwa 0 anafika 35 mwa 100. Kulindira komwe kuonjeza nthenda.

Tisabise zoopsa zace. Opareshoni iyi njaikuru. Bala likhoza kugwidwa mafinya, mwazi ukhoza kuundana m'mitsempha, mutu wacitsulo ukhoza kuguruka m'kambale kace, ndipo mwa munthu wamng'ono msinkhu nsukunyuyo idzafuna kusinthidwa tsiku lina. Dotolo ndiye adziwa woyenera ndi wosayenera. Ndiponso zitsulozo zicokera kunja ndi mtengo waukuru, ndipo kucokera pa Khondowe kufika ku Blantyre pali makilomita oposa 700. Okalamba ambiri othyoka ciuno m'dziko muno akali kucizidwa ndi kukoka mwendo ndi zolemera, atagona pakama masabata ambiri, m'mene zironda za pamsana ndi cibayo ziwalalira. Pakati pa cimene nzeru ikhoza ndi cimene mlimi wa ku Phoka alandira pakali mtunda wautali.

CIMENE CITSALIRA IFE

Mtunda umenewo gawo lace lina ndi la Boma ndi la madotolo. Koma gawo loyamba, locokera pamphasa kufika pa khomo la cipatala, ndi la mpingo. Cifukwa cace tipempha akuru ndi alaliki kuti atsegule mabuku a mipingo yao, nafunse za dzina liri lonse limene mwini wace sanaoneka miyezi itatu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo ambiri a odwala awa adzibisa cifukwa ca manyazi a kunyamulidwa.

Zizindikiro zace zidziwike kwa onse. Zowawa za nsukunyu zimveka m'mphecepece, ndipo nthawi zina zitsikira ku bondo, kotero kuti munthu ayesa kuti bondo ndilo lidwala. Wolephera kupinda mwendo kuti asambe phazi lace, wotsimphina miyezi yambiri, wodzutsidwa usiku ndi zowawa, apite akaunikidwe pa David Gordon kapena pa cipatala ca boma ca Rumphi, ndipo iwo adzamtumiza ku Mzuzu ngati kuyenera. Mwana wotentha thupi amene akana kuponda pansi anyamulidwe tsiku lomwelo, pakuti mafinya sayembekeza mawa. Wokalamba amene wagwa, mwendo wace nufupika, phazi nilipenya kunja, asamkoke kapena kumthowa. Amgoneke pa citseko, namnyamule. Pasakhale kutema mphini pa ciuno cotupa, cifukwa mphini zilowetsa zonyansa kufupi ndi fupa. Ndipo pasakhale kulozana zala za ufiti pa nthenda imene cithunzi ca X-ray cionetsa poyera.

Mutu umodzi susenza denga. Wodwala wotumizidwa kutali afuna ndalama za ulendo, ndi womdikira m'cipatala, ndi womlimira munda pokhala iye kulibe. Izi mpingo ndi amai a Umanyano akhoza kuzigawana. Akabwerako, asakhale pamphasa kapena kunjuta kufikira dotolo atamlola. Amisiri a matabwa, amene luso lao linaphunzitsidwa pa Khondowe kuyambira masiku a Overtoun, ampangire mpando wautali, ndi kama, ndi cokhalira ca kucimbudzi, ndi ndodo zoyendera. Alimbikitsidwe kuyenda monga anamlangiza, ndi kubwerera ku cipatala pa tsiku loikika, ndi kumwa mankhwala ace ngati ali wa kacirombo. Ndipo iwo amene opareshoni siitheka pa iwo asasiyidwe. Mankhwala ocepetsa zowawa alipo, njinga za opunduka ziripo, ndipo Mgonero wa Ambuye ukhoza kuwafikira pakhomo pao.

Tiwerenga mu Uthenga wa Yohane za munthu wa pa thamanda la Betesda amene anadwala zaka 38. Ndipo pofunsidwa, dandaulo lace linali lakuti analibe munthu womtsitsira m'madzi. Makolo athu anakwera ndi odwala pa macila mu mseu wa Gorodi, m'masiku amene dotolo anali ndi zocepa zowacitira. Ife tiri ndi umboni wa manambala wakuti ngakhale wofika pansi peni peni akhoza kuimanso, ndi wakuti caka ciri conse ca kucedwa cimlanda gawo la kucira kwace. Tiyamika Mulungu cifukwa ca madotolo, ndi anamwino, ndi othandiza onse amene anatumikira pa phiri lino kuyambira 1894; ndipo tipempha kuti pofika cikondwerero cina, pasadzapezeke m'mipingo yathu mbale wogona kuseri kwa nyumba cifukwa ca kusowa womnyamula.